Sikelo ya a Kochi Sabol

Amuna anga, a Leonard Sabol, anali mwana wachisanu wa a Ondrej Sabol ndi mayi Verona. Bambo awo anakumba malasha zaka makumi atatu mpaka fumbi linawatseka chifuwa. Mayi awo ankachapa zovala za ansembe, ndipo anamwalira osadziwa kulemba dzina lawo. Ine Bernadine ndi a Leonard tinabereka ana awiri, Marcia ndi Gregory. Marcia anatipatsa adzukulu atatu, Gregory mmodzi, Tessa. Ndayamba ndi kutchula amenewa chifukwa papepala lomwe anagawa pa maliro analembapo kuti a Kochi Sabol asiya ana mazana asanu ndi limodzi. Limenelo ndi bodza. Anyamata mazana asanu ndi limodzi anadutsadi m'manja mwawo, koma ana anali awiri, ndipo ndinawabereka ndine.

Ndinawadziwa mu 1960 ku gule wa kutchalitchi. Anali munthu wamfupi, wakhosi ngati chitsa, khutu lamanzere lofufuma ngati chitumbuwa chifukwa cha masewera ogwetsana. Mayi anga atawaona anandinong'oneza kuti, "Bernie, ameneyu khutu analisiya kuti?" Ndinakwatiwa nawo komabe. Chaka chotsatira ukwati wathu analembedwa ntchito pa sekondale ya m'tauni mwathu muno, kuzambwe kwa Pennsylvania, kuti aziphunzitsa ukalipentala. Timu yogwetsana anachita kuipempha okha. Panalibe wina ankaifuna.

Chipinda chomwe anawapatsa chinali chapansi, moyandikana ndi ng'anjo yotenthetsera sukulu yonse. Mphasa zake zinali zong'ambika, zonunkha thukuta la anthu omwe ena mwa iwo anali atamwalira kale. A Leonard ankazikolopa okha tsiku lililonse ndi mankhwala, kuopa zipere. Kuyambira Novembala mpaka Malichi ine ndinalibe mwamuna. Ndikafuna kuwaona ndinkapita kukaima pakhomo la chipindacho, kumvera mawu awo.

"Iwe Baranek! Ukugwetsana naye kapena ukumufunsira mbeta?"

"Akuterera, a Kochi!"

"Akuterera? Ndi nsomba? Gwira mwendo, dzutsa mutu! Agogo anga ankanyamula thumba la mbatata mwachangu kuposa iwe, chonsecho anali ndi diso limodzi."

Anyamata ankaseka uku akupuma mwawefuwefu. Ankawakonda. Mnyamata akajomba masiku awiri, a Leonard ankapita kwawo ndi galimoto lathu, kukamupeza kaya ali kuseri kwa bala kaya akusamalira azibale ake poti mayi ali kuntchito. Wosowa nsapato ankazipeza mu kabati yake, osadziwa waziika ndani. Loweruka lililonse la mpikisano ine ndinkaima kuseri kwa tebulo mu holo, kugulitsa haluski, kabichi wokazinga ndi manudulo, kuti timu ipeze za ulendo. Ndinaima pamenepo zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo sindikudandaula. Ndikunena kuti mudziwe kuti nkhaniyi sindinachite kumva kwa anthu.

Masewera amenewa amayendera kulemera kwa thupi. Gulu lililonse la kulemera lili ndi malo amodzi okha mu timu. Anyamata awiri akakhala olemera mofanana, amagwetsana okhaokha m'chipinda chapansi chija, wopambana n'kutenga malo. Lamulo limeneli a Leonard analilemba ndi penti pakhoma: malo ndi a wopambana, kaya ndi mwana wa yani.

Gregory anakulira pamphasa. Anayamba kukwawa pamenepo, mano oyamba anatuluka akuluma chingwe cha wezulo ya bambo ake. Pofika chaka chake chachitatu ku sekondale ankagwetsana pa mapaundi 145, ndipo anangotsala ndi kupambana kamodzi kuti apite ku mpikisano waukulu wa ku Hershey. Anabwera kunyumba osalira. Anangoti, "Chaka cha mawa, amayi." Chilimwe chonse ankathamanga kukwera phiri la zinyalala za mgodi atanyamula tcheni paphewa. Aliyense m'tauni muno ankadziwa kuti 1984 ndi chaka cha Greg Sabol.

Koma kunali mnyamata wina, Rodney Stull. Bambo analibe, mayi anathawa, ankakhala ndi malume ake chidakwa m'kanyumba kamalata kuseri kwa njanji. A Leonard anamupeza kupolisi ataswa mawindo a sitolo, n'kumubweretsa kuchipinda chapansi. Mnyamatayo anasintha ndithu. Anasiya kujomba, anayamba kuyankha anthu mwaulemu. Vuto linali limodzi: nayenso ankalemera 145. Kutsika sakanatha, poti anali wamafupa akuluakulu, wopanda mafuta olo pang'ono. Kukwera ku 155 sakanathanso, kumeneko kunali mnyamata yemwe ankamupinda ngati thaulo.

Mu Novembala anagwetsana awiriwo, monga mwa lamulo la pakhoma. Greg anapambana mapointi asanu ndi anayi kwa awiri. Nkhani inayenera kuthera pomwepo.

Madzulo ake tili patebulo, a Leonard anaika foloko pansi.

"Greg, wagwira bwino lero."

"Zikomo, adadi."

"Pa 138 palibe munthu wolimba. Ukatsikira pamenepo, Stull akhala pa 145, timu yonse ilimba."

Greg anawayang'ana. "Koma ndamugonjetsa."

"Ndaona. Ndinalipo."

"Kuti ndifike 145 ndimachita kuvutika kale. Ndikadya bwino ndimafika 156."

"Mapaundi asanu ndi awiri okha. Ine ndinkatsitsa khumi ndi awiri, ndikudya mbatata za madzi. Mnyamata uja ukamuchotsa pamphasa, pofika Khirisimasi akhala ali kundende. Iwe uli ndi kwanu, uli ndi mayi ako, uli ndi ine. Iye ali ndi chiyani?"

"Ndiye mukundipempha kapena mukundiuza?"

"Ndikukupempha ngati mwana wanga."

Mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri angayankhe chiyani pamenepo? Anati chabwino. Anakankhira mbale yake pakati pa tebulo, nyama isanathe. Ine ndinatenga mbaleyo n'kukaiika mu fuliji, osanena kanthu. Tchimo langa ndi limenelo, ndipo ndalilemba pano kuti pasakhale wonena kuti ndikudziyeretsa.

Dzinja limenelo sindidzaliiwala. Mwana wanga ankayenda ndi kapu ya pepala m'kalasi, kulavuliramo malovu kuti apepuke. Ankavala mapepala a pulasitiki mkati mwa majuzi awiri n'kumalumpha chingwe pafupi ndi ng'anjo ija. Lalanje ankangolitsopa n'kulavula. Pa chakudya cha Khirisimasi, tebulo litadzaza ndi pirohi, timitanda ta ufa tokhala ndi mbatata mkati, komanso nsomba, msuzi wa bowa, iye anadya kachidutswa ka mkate wopyapyala wa mwambo wopaka uchi, n'kupempha kuti achoke. Azakhali ake anamukuwira kuti, "Iwe, ukufuna kukhala wansembe kapena mzukwa?" Anthu anaseka. Milomo yake inali yosweka, maso atalowa mkati. Ndipo thupi lake linali likukulabe, thalauza lomwe ndinamugulira mu Okutobala linali litafupika pofika Januwale. Munthu sungauze mafupa kuti adikire mpikisano uthe.

Komabe ankapambana. Anagwetsana kokwana makumi awiri ndi kanayi, anagonja katatu kokha. A Leonard ankandiuza kuti, "Waona, Bernie? Ndinanena ine." Ine n'kumavomera ndi mutu.

Kumapeto kwa Febuluwale kunali mpikisano wa chigawo, khomo lolowera ku Hershey. Loweruka m'mawa anyamata onse amayamba akwera sikelo. Wopyola malire a gulu lake, olo ndi kulemera kwa kalata, chaka chake chathera pomwepo. Amayi saloledwa m'chipinda choyezera. Zomwe zinachitika m'menemo anandiuza ndi a Chester Dombek, omwe ankayimbira tsiku limenelo, mnzawo wa a Leonard kuyambira ali ana. Anandiuza patapita zaka khumi ndi zisanu, ali chilire.

Sikelo inali yakale ija ya mtanda wachitsulo, yokhala ndi kalilime komwe kamayenera kulenjekeka pakati. Greg atakwera koyamba, kalilime kanagunda kumwamba. Wapyola ndi paundi yathunthu. Anamupatsa ola limodzi. Anathamanga m'makonde atavala chilichonse chomwe anzake anamubwereka. Analavula mpaka malovu anatha. Mnzake anamumeta tsitsi lonse ndi lumo la mu bokosi la mabandeji. Anaima chadodolido, mutu pansi miyendo kukhoma, poti anyamata amakhulupirira kuti ukatero n'kuthamangira pasikelo umapepuka. Kachiwiri, theka la paundi. Nthawi itangotsala pang'ono kutha anakweranso ali mbulanda, atapumira mpweya wonse kunja.

Kalilime kanagwedezeka, kanatsika, kanakwera, n'kukaima kongokhudza kumwamba. Mwina kota ya paundi. Mwina osafika.

A Chester anachotsa magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, akuyang'ana a Leonard. "Len, maso angawa akalamba. Ine ndikuona ngati kali pakati."

M'chipindamo munali makochi a masukulu ena khumi ndi mmodzi. Onse ankamudziwa Greg kuyambira ali khanda. Wina anayang'ana kudenga, wina anayamba kumanga chingwe cha nsapato. Kochi wa mnyamata yemwe akanagwetsana ndi Greg anatembenuka n'kupereka msana dala. Panalibe ndi mmodzi yemwe akanatsutsa.

A Leonard anawerama, n'kuyang'anitsitsa kalilime kaja.

"Kagunda, Chet. Wapyola."

"Len."

"Wapyola. Lemba."

Ine ndinali ku tebulo langa, sindikudziwa kanthu. Ndinangoona mwana wanga akubwera, mutu wometedwa mwamabalamabala, atavala jekete. Anati, "Amayi, ndipatseni mbale." Ndinati, "Mwana iwe, ugwetsana pasanathe ola." Anati, "Ndipatseni mbale." Pamenepo ndinadziwa. Anadya mbale zitatu ali chiimire, anthu akumuyang'ana, kenako anatuluka panja n'kukasanza zonse pa chipale chofewa. Bambo ake anali atakhala pampando wa kochi pakona ya mphasa, akukuwira Rodney Stull kuti adzutse mutu. Rodney anagonja kawiri, pofika masana anali atatuluka mu mpikisano.

Lamulungu titabwera kutchalitchi ndinawatsekera a Leonard m'galaja.

"Mwamupha mwana uja."

"Bernie, ndikanalekerera wanga, mawa ndikanamukaniza bwanji mwana wa munthu wina? Zaka makumi awiri ndakhala ndikubweza anyamata pa sikelo imeneyo. Onse aja akanadziwa. Greg yemweyo akanadziwa."

"Za sikelo sindikukutsutsani. Ndikufunsa amene anamuika pa 138."

"Anavomera yekha."

"Anavomera poti ndinu bambo ake!"

Anatenga nsanza n'kuyamba kupukuta sipanala yomwe inali yoyera kale. Zaka zonse zotsatira, nkhaniyi ikatuluka, iwo ankayankha za sikelo. Pa sikelo anali olungama, ndipo ankadziwa. Za patebulo la Novembala lija sankafikapo. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo amuna anga mawu amenewo anawasunga kuposa munthu aliyense yemwe ndikumudziwa. Kungoti wawo weniweni anamusandutsa chopereka.

Greg anamaliza sukulu mu Juni, mu Julayi analowa usilikali wa pamadzi. Atatuluka anakakhazikika ku North Carolina, kukonza makina oziziritsa nyumba. Sanakangane ndi bambo ake, ayi. Bola akanakangana. Ankaimba foni Lamulungu lililonse, kucheza ndi ine theka la ola, kenako ndikapereka foni kwa bambo ake ndinkamva izi:

"Kwazizira kumeneko?"

"Pang'ono, adadi."

"Matayala a galimoto ali bwino?"

"Ali bwino."

"Chabwino. Nawa amayi ako."

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri za matayala.

A Leonard anaphunzitsa mpaka 1995. Chichokereni chaka cha Greg sanalolenso mnyamata aliyense kudzipha ndi njala. Mu dirowa ya desiki yawo munkakhala buledi ndi chiponde, ndipo mnyamata akaoneka wofooka ankamukhazika pansi n'kumudyetsa ali pompo. Mapepala a pulasitiki anawatentha mu ng'anjo. Pa misonkhano ya makochi ankadana ndi anzawo chifukwa choumirira kuti adokotala azinena malire a kutsika kwa mwana aliyense. Makolo ankabwera kudzandithokoza. Ine ndinkamwetulira, mumtima ndikuti kupepesa kwa mwana wanga kukudyedwa ndi ana a eni.

Atasiya ukochi anavala malaya amizeremizere n'kuyamba kuyimbira. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akugwada ndi kukwawa pamphasa, tsaya pansi, kuyang'ana ngati mapewa a mwana agunda. Makolo ankawatukwana kuchokera m'mabenchi. "Sabol, gula magalasi!" Iwo n'kuyankha osatembenuka, "Ndibwereke ako, Marge, ukuoneka kuti suwagwiritsa ntchito!" Mawondo atakana anakhala patebulo kuyendetsa wotchi. Maso atakana wotchi ankabwera m'mawa kudzamata mphasa ndi tepi ndi kuyala mipando. Sanalandirepo kanthu pa zimenezi. Holo ija anaitcha dzina lawo mu 2014. Greg anatumiza maluwa.

Rodney Stull lero ndi bambo wa ana anayi, amawotcherera zitsulo, amaphunzitsa tiana ta pulaimale kugwetsana. Chipale chofewa chikagwa amabwera kudzandichotsera pakhomo ndisanadzuke. Ndinayesetsa kudana naye, zinandikanika. Amuna anga sananame: akanapanda kukhala pamphasa chaka chimenecho, mnyamatayo akanatayika. Ndi chifukwa chake nkhaniyi imandiwawa. Ikanakhala ya munthu woipa bwenzi nditaitaya kalekale.

Ndiye kunabwera za Tessa. Mdzukulu wanga ameneyu anayamba kugwetsana ali ndi zaka khumi ndi zitatu, poti masiku ano atsikana nawonso amagwetsana, ndipo amagwetsa ngakhale anyamata. Greg sanatiuze. Anali Marcia amene anabwera ndi kanema pa foni yake. A Leonard anamuonera kasanu, foni ili pafupi ndi mphuno.

"Taona mmene akulowera kumwendo, Bernie. Amenewo ndi malowedwe a bambo ake. Anamuphunzitsa ndi Greg ameneyu." Kenako anafunsa, "Amadya mwanayu?"

Lamulungu lotsatira, atatha za matayala, anati, "Ndamuona Tessa. Tsiku lina ndingabwere kudzaonera."

"N'kutali, adadi. Mawondo anuwo."

"Eya. N'kutali."

Mu Okutobala wa 2021 adokotala anatiuza kuti mtima wawo watopa. Lolemba lina m'mawa tikumwa khofi, anandigwira dzanja, chinthu chomwe sankachita.

"Muimbire Greg. Umuuze abwere. Ndili ndi mawu ake."

"Mawu anji?"

"Ndi ake, si ako."

"Foni ndi iyi, muuzeni."

"Si za pafoni."

Ndinaimba nthawi yomweyo. Ndinati, "Greg, bambo ako akukufuna. Akuti ali ndi mawu ako." Iye anati, "Tessa ali ndi mpikisano Loweruka lino, amayi. Ndibwera sabata ya mawa." Ndinati, "Mwana iwe, wadikira zaka zonsezi, ndipo lero ukuti sabata ya mawa?" Anati, "Ndadikira zaka zonsezi. Nawonso adikire sabata imodzi."

Lachinayi masana ndinawapeza a Leonard atagwa kuseri kwa nyumba, chosesera masamba chili m'manja. Sitiroko. Mbali yamanja yonse inafa, ndipo mawu anapita nayo limodzi.

Greg anayendetsa galimoto maola asanu ndi anayi, anafika kuchipatala Lachisanu dzuwa likupendeka. Mwamuna wa imvi, wamimba, wa zaka makumi asanu ndi zisanu. Anaima kumiyendo kwa bedi.

"Ndabwera, adadi."

A Leonard anamuzindikira, za zimenezo sindikayika. Kukamwa kunkagwedezeka, khosi likukoka, koma chomwe chinkatuluka chinali kaphokoso kamodzi kokha, kobwerezabwereza. Nesi anabweretsa pepala ndi pensulo. Dzanja lamanzere linangolemba mizere yokhotakhota. Misozi inkatsikira m'khutu lofufuma lija. Greg anakhala pampando pafupi nawo, ndipo bambo ake anamugwira pamkono, pamwamba pa chikhatho, n'kuyamba kukoka. Mkono unakwera pang'ono, mwina utali wa chala, n'kugweranso pa bulangeti. Anayesa kawiri.

Marcia amalumbira kuti ankafuna kukweza dzanja la Greg m'mwamba, monga amachitira woyimbira ndi mnyamata amene wapambana. Greg amati ankangofuna kuti awadzutse akhale tsonga. Ine ndinali pomwepo, ndipo sindikudziwa. Anamwalira Lachiwiri lotsatira, osalankhulanso.

Pa maliro tchalitchi chinadzaza mpaka pamsewu. Azibambo amakutu ofufuma, ena a ndodo, ena ochokera kutali kwambiri, aliyense ndi nkhani yake ya nsapato za mu kabati kapena buledi wa mu dirowa. Mmodzi ndi mmodzi ankagwira Greg chanza n'kumati, "Bambo ako anali bambo anga." Iye ankayankha kuti zikomo. Bokosi ananyamula anthu asanu ndi mmodzi, Greg kutsogolo kumanja, Rodney kutsogolo kumanzere.

M'mawa mwake, chikwama chili kale m'galimoto, anabwerera kukhitchini komwe ndinkatsuka makapu.

"Amayi, ankafuna kundiuza chiyani?"

"Sanandiuze."

"Mwakhala nawo zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi. Mukudziwa."

Ndikanatha kumupatsa. Mawu ake ndi ochepa, ndinawaloweza kalekale, ndinkawauza bambo ake chaka ndi chaka kuti awanene. Mwana wanga anali ataima pamenepo akudikira, makiyi m'manja. Koma ndinaganiza za munthu uja atawerama pa sikelo, ndipo ndinalephera kumunenera chinthu chomwe sindinamve ndi makutu anga.

"Ndikuganiza kuti ankafuna kupepesa," ndinatero. "Koma kuganiza kwanga si mawu awo. Mwina akanayambanso za sikelo. Umawadziwa."

"Ndikanabwera Lachiwiri lija, mutangondiimbira."

"Eya. Iwonso akanalankhula mu 1984. Inenso ndikanakubwezera mbale ija."

Anandipsompsona pamphumi n'kupita.

Amaimbabe Lamulungu lililonse. Tessa wapambana mamendulo awiri a chigawo chawo, ndipo zithunzi zake zili pa fuliji yanga, aliyense wolowa muno ndimamuonetsa kaya afune kaya asafune. Greg wabwera katatu chimwalirireni bambo ake. Amandikonzera mipope, amandiperekeza kutchalitchi. Manda ali kuseri kwa tchalitchicho, mayadi makumi asanu kuchokera pomwe timaimika galimoto. Ndikati tiye tikawaone, amati pitani amayi, ndikudikirani muno.